Chithunzi cha Achimwene Chitayamba Kulira

Ine ndimagwira ntchito pa fakitale yopera ndi kulongedza mchere. Mcherewo umabwera pa malole uli mibulu ikuluikulu ngati miyala, ife timauthira m'chigayo, ukatuluka wosalala anzathu amauika m'mapaketi. Pa chigayo chimenecho ndakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye nkhaniyi ndingoinena mmene inachitikira.

Achimwene anga anali dalaivala wa basi. Anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masabata atatu okha. Anasiya akazi awo, amene ine ndimati alamu, ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Nyumba imene ankakhalayo ndi ya amayi athu, ndipo amayiwo amakhala momwemo. Alamu ndi telala. Makina awo osokera ankakhala pabalaza, pafupi ndi zenera, ndipo makasitomala onse ankawapeza pomwepo. Makolo awo anatha kalekale, kwawo kulibe woti n'kuwalandira. Nyumba imeneyo inali pogona pawo, inalinso shopu yawo.

Maliro atatha, amayi anatenga chithunzi chachikulu cha achimwene, chimene anajambulitsa atavala suti, anachiika mu felemu ya galasi n'kuchipachika pabalaza, pamwamba pa kabati. Anaika lamulo lakuti wina aliyense asachikhudze, ngakhale kuchipukuta fumbi.

Pali kanthu kamene ndiyenera kunena pano, ngakhale kamandichititsa manyazi. Ine ndi achimwene tinali ndi moni wathuwathu kuyambira tili anyamata. Ndikawapeza, ndinkavula chipewa n'kuwamenya nacho pamphumi, ndikuti, "Bwana dalaivala, malo alipo?" Iwo ankati, "Yadzaza, kakwere pamwamba ndi katundu." Atamwalira, mutu wanga unavomera koma dzanja linakana. Ndikaweruka kuntchito ndinkadzera kwa amayi tsiku lililonse. Iwo akangolowa kukhitchini kukatereka tiyi, alamu atapita kukatenga mwana kusukulu, ndinkavula chipewa changa cha kuntchito n'kugunda nacho pagalasi, pankhope ya achimwene, kawiri. Funso lija ndinkafunsa chamumtima. Ndinachita zimenezi miyezi inayi, palibe anandionapo.

Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, ndinapeza alamu atayala suti ya achimwene patebulo, choko m'manja. Yunifolomu ya mwana inali itang'ambika kumbuyo, ndipo nsalu ya sutiyo inali yabuluu wakuda, mtundu womwewo umene amafuna kusukulu.

"Mwawauza amayi?" ndinafunsa.

"Ndawauza. Akuti ndione ndekha."

"Ndiye mwaona nokha."

"Alamu, suti ili m'sutikesi ikudyedwa ndi njenjete, mwana wa mwini wake akuyenda msana uli pamtunda. Akanakhalapo akanadula yekha, koma mokhota."

Tinaseka. Sizasi inalowa m'nsalu ine ndikuona.

M'mawa mwake, ndikumanga zingwe za nsapato, foni inalira. Anali achemwali anga aakulu. Kuseri timawatcha a Sipika, chifukwa akamanong'ona amamveka mpaka ku geti.

"Siya chilichonse, bwera kwa amayi!"

"Amayi atani?"

"Si amayi! Bwera udzaone wekha, ine miyendo yafa!"

Ndinathamanga m'matope. Ndinapeza amayi atakhala pansi pabalaza, manja ali pamutu. Alamu anali ataima pakhomo la kuchipinda, atagwira mwana paphewa. A Sipika anangoloza kukhoma.

Pagalasi la chithunzi, pamphumi ndi mozungulira maso, panali timadontho tambirimbiri ngati thukuta. Tina tinali titakumana n'kukhala madontho aakulu, ndipo awiri anali atatsika pamasaya mpaka pa kolala ya suti. Kwina konse kwa galasilo kunali kouma. Ndinayang'ana kudenga, sikunkadontha. Ndinagwira khoma, linali louma. Zithunzi zina zonse, ndi cha ukwati wa a Sipika chomwe, zinali zouma gwa.

"Mwina ndi chinyezi chabe," alamu anatero.

"Chinyezi chimasankha nkhope?" anatero a Sipika. Kenako anakwera pampando, anatola dontho limodzi ndi nsonga ya chala pansi pa felemu, n'kuika pa lilime. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatsika pampando ngati munthu wokalamba.

"Ndi amchere," anatero, ulendo uno chapansipansi zenizeni. "Amayi, ndi misozi."

Ndinalawa nanenso. Unali mchere. Tsitsi linandiima, ndinakhala pansi pambali pa amayi osadziwa kuti ndakhala. Ine munthu wogwira mchere zaka khumi ndi chimodzi, ndinalawa mchere, ndipo maganizo a kuntchito sanandibwerere ngakhale pang'ono. Ndinkangoona maso a achimwene.

Alamu anatenga kansalu kuti akapukute. Amayi anakuwa mwa mtundu umene sindinaumvepo.

"Musamukhudze! Dzulo mwamudula ndi sizasi, lero mukufuna kumutseka pakamwa?"

Pofika masana msewu wonse unali utamva. Anthu ankalowa atavula nsapato, ena akujambula ndi mafoni, ena akugwada. Dzuwa likakwera misozi ija inkauma, n'kusiya timizere toyera. M'mawa inkabweranso. Ine madzulo aliwonse ndikapeza mpata ndinkagundabe ndi chipewa, tsopano katatu kapena kanayi, ndikuti, "Achimwene, vuto n'chiyani? Tiuzeni."

Makasitomala a alamu anayamba kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Mmodzi ananena poyera kuti sangavale diresi losokedwa pansi pa maso a munthu wolira. A Sipika nawo nkhani inakula m'kamwa mwawo. Poyamba inali ya suti. Kenako anayamba kufunsa kuti munthu wamphamvu ngati uja amatha bwanji m'masabata atatu, komanso ndani ankamuphikira.

Chimene chinamaliza alamu ndi ichi. Anapeza ntchito yosoka makatani ku hotela ina yakutali, anakagonako masiku awiri. Masiku awiri amenewo kunawala dzuwa lamphamvu, kumwamba kopanda kamtambo. Chithunzi chinauma. Tsiku limene anabwerera, anabwera ndi mvula, ndipo m'mawa mwake achimwene analira kuposa masiku onse. Za dzuwa ndi mvulazo ndikuzikumbuka lero. Nthawi imeneyo palibe anayang'ana kumwamba, tonse tinkayang'ana alamu.

Lachitatu amayi anatiitana, ine ndi a Sipika. Anati mwana wawo sakupuma, ndipo sadzapuma mkazi ameneyu ali m'nyumba. Achoke pofika Lamlungu. Mwana atsale, chifukwa ndi magazi athu.

"Ukawauze ndiwe," anatero amayi. "Mwamuna watsala ndiwe."

Ndinawapeza alamu akupinda mpendero wa kayunifolomu kaja. Ndinaima patsogolo pa makina, chipewa chili m'manja.

"Alamu, banja lagwirizana kuti pofika Lamlungu mukhale mutapeza kwina."

Phazi lawo linaima pa chopondera. "Banja. Ndiye kuti ine sindine banja?"

"Musandivutitse, ine ndangotumidwa."

"Mwana?"

"Atsala ndi agogo ake."

Anandiyang'ana. "Inu munalipo ndikudula suti ija. Munaseka."

"Ndinaseka chifukwa sindinkadziwa."

"Lero mukudziwa chiyani?"

"Ndikudziwa kuti achimwene sankalira mwachisawawa. Ndikudziwa kuti mukachoka amatonthola. Zinazo mukuzidziwa ndinu."

Mawu amenewo palibe anandituma. Anali anga. Nditatero ndinanyamula makina awo osokera, mutu ndi tebulo lake lachitsulo, n'kukawaika pakhonde, chifukwa amayi anati asagonenso pabalaza. Alamu sanalire. Anangotenga pulasitiki n'kuwafunditsa kuti mvula isawapeze.

Loweruka timagwira theka la tsiku. M'mawa umenewo kunali kamvula kowaza. Nditalowa m'chipinda cha chigayo ndinapeza anzanga atazungulira a kapitawo, akuseka. Atandiona anasiya, koma a kapitawo ndi munthu wosadziwa kusiya.

"Wabwera katswiri wa zolira," anatero. "Tatiuza, wotchi yathuyi yalakwiridwa ndi ndani? Kapena pali wadula suti yake?"

Ndinaponya chikwama pansi kuti ndiwagwire pakhosi. Anzanga anandigwira. Pamene ankandikoka, maso anga anagwera pa wotchi ya pakhoma imene ankalozayo. Galasi lake linali ndi timadontho tambirimbiri ngati thukuta, ndipo madontho awiri anali atatsika mpaka pa nambala sikisi.

Wotchi imeneyo imatero chaka chilichonse mvula ikayamba. Ndaiona kakhumi ndi kamodzi. Timangoipukuta ndi mkono wa ovolosi, osaganizapo kanthu. Koma tsiku limenelo ndinayandikira, ndinatola dontho, ndinalawa. Kenako ndinavula chipewa changa n'kuchiyang'ana. Chinali choyera ndi fumbi la mchere, cholimba ngati katoni. Ndinachimenya pabondo kamodzi. Panatuluka kautsi koyera.

 Ndinamva a kapitawo akuti, "Iwe, ndimangocheza," koma mawu awo ankamveka ngati akuchokera kunja kwa mpanda.

Pafakitale pathu pali kachipinda kamene timati labu, mmene mayi wina amayeza ngati mchere wauma bwino usanalowe m'mapaketi. Timangowatcha Madamu. Sindinalowemo n'kale lonse. Tsiku limenelo ndinalowa osagogoda, ndi nsapato zamatope.

"Madamu, wotchi ija imanyowa chifukwa chiyani?"

"Mwadzuka bwanji kaye, bambo?"

"Pepani. Ndadzuka. Imanyowa chifukwa chiyani?"

Anavula magalasi. "Fumbi la mchere. Mumpweya umene tikupumawu muli madzi, kungoti saoneka. Kukakhala dzuwa amakhalamo ochepa, kukagwa mvula amachuluka. Koma madziwo paokha amavutika kusanduka dontho, amafuna pogwira. Ndiye kambewu ka mchere, ngakhale kochepa koti diso silingakaone, kamawakoka. Kamakoka, kamakoka, mpaka ikonso kamasungunuka n'kukhala kadontho. Simuona mchere wa m'botolo kunyumba ukunyowa nyengo ino?"

"Ndimaona."

"Nanga nkhungu ija imakhala m'chipinda chanu m'mawa wa mvula, mukayatsa chigayo? Mumayesa utsi? Ndi fumbi lomwelo likadali m'malere, kambewu kalikonse katavala madzi ake. Ngakhale mitambo imayamba choncho. Ku nyanja zamchere mafunde akamaswana amaponya timchere m'mwamba, mphepo n'kutitenga. Kumwambako madzi amagwira pa timchere timeneto, pa fumbi, pa utsi. Dontho la mvula limene lakugwerani pamutu pobwera, pakati pake panali kachitsotso."

Ndinawauza zonse. Za chithunzi anali atamva kale, fakitale yonse inkadziwa. Za chipewa ndi zimene anamva koyamba. Anagwira pakamwa.

"Miyezi inayi? Osapukuta?"

"Amayi analetsa."

"Ndiye munkathira mchere pankhope ya m'bale wanu tsiku ndi tsiku, ukungodikira mvula."

Sanandinyoze. Anatenga tizidutswa tiwiri ta galasi, anatitsuka n'kutipukuta mpaka kuwala. Kamodzi anandiuza kuti ndikagunde ndi chipewa, kena kaja kakhale choncho. Anayala kansalu konyowa pansi pa chidebe cha pulasitiki, anaika kambale pamwamba pake, timagalasi tija pa kambalepo kuti tisakhudze madzi, n'kuvindikira.

"Pitani mukagwire ntchito. Mubwere pa tiyi."

Sindikudziwa kuti ndinathira matumba angati m'chigayo. Pa tiyi ndinabwerera, Madamu anavundukula. Kagalasi kamodzi kanali kouma. Kanga kaja kanali ndi thukuta, malo okhawo amene chipewa chinagunda.

Ndinakhala pa mpando wawo osapemphedwa. 

"Mlamu wanuyo akuchoka liti?" anafunsa.

"Mawa. Wa ngolo abwera eyiti koloko."

"Ndiye mukudikira chiyani pano? Koma mudziwe, zimenezi zimafuna chinyezi. Kukacha kouma, galasi silinyowa, ndipo adzati mukunama."

Ndinafika kwa amayi cha m'ma thu koloko. Alamu anali pakhonde akumanga mapoto m'chinsalu. A Sipika anali pabalaza, atabwera kudzaonetsetsa kuti pasachoke supuni ya amayi. Ndinawaitana onse. Ndinaima pansi pa chithunzi, ndinanena za moni wathu, za chipewa, za wotchi, za Madamu. Ndinanena moipa, ndikubwerezabwereza. 

Nditamaliza, a Sipika ndi amene anayamba. "Wakupatsa chiyani mkazi ameneyu?"

"Achemwali!"

"Ndikufunsa! Lachitatu unali mkango, lero wasanduka loya. Chipewa! Amayi, mwamva? Akuti m'bale wathu akulizidwa ndi chipewa! Ndiye mitambonso akuti ili ndi mchere. Bwanji sititunga mvula n'kuthira m'ndiwo?"

"Ndi kochepa kwambiri, sikamveka."

"Ee, aphunzitsi. Sukulu munaithawa muja, mwakaimalizira ku chigayo?"

Amayi sanaseke. Ankandiyang'ana ngati mlendo. "Iwe unkamenya mwana wanga kumaso? M'nyumba mwanga? Ine ndili kukhitchini ndikukuphikira tiyi?"

"Sikumenya, amayi. Unali moni."

"Ndinati asakhudzidwe."

"Munatero. Ndinalakwa ndine. Alamu sanalakwe kanthu."

Alamu anali ataima pakhomo, chivindikiro cha poto chili m'manja.  Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono, sanayambe n'kukwiya komwe.

Ndinati tiyese. Titsuke galasi la achimwene liyere, ndipo ine ndigunde chithunzi china. Ngati mawa achimwene alira, ndidzakankha ngolo ndekha. A Sipika anati ndi bwino, kuti manyazi andigwire pagulu.

"Gunda changa," anatero, akuloza cha ukwati wawo. "Ine ndili moyo, ndipo tsiku limenelo ndinali wosangalala. Tione ngati ndilire."

Vuto linali kutsuka. Amayi anakana kwa ola lathunthu. Anati tikufuna kufufuta mawu a mwana wawo. Potsiriza alamu analankhula koyamba.

"Amayi, ngati ndi misozi yake, madzi a pampopi sangailetse. Mawa alira ndithu, ine n'kumapita."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono. Anatunga okha madzi m'beseni, anandiuza kuti nditsitse chithunzi, anachiika pamiyendo pawo. Anachitsuka ngati akusambitsa khanda, akuyankhula nacho motsitsa. Atachipukuta ndinachipachikanso. Kenako ndinagunda nkhope ya a Sipika ndi chipewa kanayi.

"Pang'onopang'ono, iwe! Ukubwezera za kale?"

A Sipika anatitulutsa tonse, anasiya zenera lotsekula pang'ono monga mwa masiku onse, poti lili ndi zitsulo, anakhoma zitseko zonse ziwiri za pabalaza, makiyi n'kuika m'thumba la diresi lawo. Anati agona komweko, ndipo chipewa changa anachitsekera m'chikwama chawo.

Potuluka ndinayang'ana kumwamba. Mitambo inali ikubalalika, dzuwa la madzulo likuwala bwinobwino. Sindinadane nalo dzuwa chotero chibadwire. Ndinafika kwanga, akazi anga anandiikira chakudya, ndinangochiyang'ana.

Kutacha ndinatuluka panja ndisanasambe m'maso. Mvula sinagwe. Koma kunali nkhungu, udzu unali wonyowa, ndipo malaya amene anagona pachingwe anali olemera. Sindinadziwe ngati zimenezo n'zokwanira.

Ndinapeza wa ngolo atafika kale, atakhala pa ngolo yake pa geti. Katundu wa alamu anali pakhonde: makina, sutikesi, mtolo wa mapoto. Mwana anali atavala yunifolomu yabuluu ija ngakhale linali Lamlungu, atagwira siketi ya amayi ake ndi manja awiri. Aneba atatu anayi anali ataima kumpanda.

A Sipika anatulutsa makiyi. "Konzekera kukankha ngolo," anandiuza. Anatsekula, analowa oyamba, ife pambuyo.

Anaima pakati pa chipinda. Makiyi anagwa pansi.

Achimwene anali ouma, galasi likuwala, akutiyang'ana ndi suti yawo. Pambali pawo a Sipika, atavala velo, akumwetulira mano onse panja, nkhope yonse inali thukuta lokhalokha, ndipo dontho limodzi linali litatsika kuchokera pa diso lamanzere mpaka pa maluwa a m'manja. Amuna awo pambalipo anali ouma.

"Mayo ine," anatero a Sipika. "Mayo ine, mayo ine."

Anakwera pampando, anatola dontho, analawa. Anatsika. Chibadwire changa sindinawaonepo atasowa mawu. Mmodzi wa aneba, amene anali atasuzumira pazenera, anafunsa kuti, "Nanga awa alakwiridwa ndi ndani?" Palibe anaseka.

Amayi anayandikira chithunzi cha achimwene. Anakweza dzanja n'kusisita galasi louma lija. Ndinkayembekeza kuti apumira m'mwamba. M'malo mwake anadzandira, ndinawagwira asanafike pansi.

"Ndiye kuti sanali iye?" anandifunsa. "Masiku onsewa sanabwere?"

"Sanali iwo, amayi."

"Ine ndinkadzuka m'mawa kudzamuona. Ndinkati ngakhale akulira, bola ali pafupi."

Apo ndi pamene analira, kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro. Ine sindinaganizepo zimenezo. Ndinkaganiza kuti ndikubweretsa nkhani yabwino.

Wa ngolo anafika pakhomo, chipewa m'manja. "Pepani mabwana, tikweze kapena?"

Tonse tinatembenukira kwa alamu. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mwana wanga," anatero, "usapite. Takulakwira."

A Sipika anati, "Nanenso ndinalankhula zambiri."

"Munati ndinapha mwamuna wanga," anatero alamu. Sanakweze mawu. "Musati zambiri. Nenani chimene munanena."

"Ndinatero. Pepani."

"Mukanene kumsewu kumene munakanena zinazo. Mawu muli nawo."

Kenako anayang'ana ine. Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Madzi aja anali a chipewa chanu, ndamva. Simunadziwe, ndamvanso. Koma Lachitatu munandiuza kuti zinazo ndikuzidziwa ndine. Mawu amenewo anatuluka m'chipewa?"

"Ayi."

"Anatuluka kuti?"

"M'kamwa mwanga."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana mwana, anayang'ana geti, mpaka wa ngolo anatsokomola.

"Ndikanakhala ndi kopita ndi mwanayu, bwenzi ndikupita," anatero. "Musaganize kuti ndatsala chifukwa mwapepesa bwino. Bambo a ngolo, pepani, takuvutitsani chabe." Anatembenukira kwa ine. "Inu, makinawo munawatulutsa nokha. Muwabwezere nokha, pamene munawapeza."

Ndinawanyamula. Potuluka nawo Lachitatu sindinamve kulemera kwake. Tsiku limeneli ndinapumira kawiri pakati pa khonde ndi zenera, aneba akuonerera, ndipo palibe anandithandiza.

Papita miyezi isanu. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi. A Sipika anayendadi nyumba ndi nyumba, ndipo poti ndi a Sipika, msewu wonse unamva tsiku limodzi. Chithunzi cha ukwati anachitenga, chili kwawo. Alamu amandilandira, amandipatsa mpando, koma chichokereni tsiku lija sananditchulepo alamu. Amati bambo a chipewa. Mwana nayenso wayamba kutero. Alamuwo anakhoma msomali pa mtengo wa geti, ndipo chipewa changa chimatsala pamenepo ndisanalowe.

Sabata yatha kunagwa mvula yomaliza. Ndinapeza amayi atakhala pabalaza akuyang'ana chithunzi. Masiku ano amachipukuta okha m'mawa uliwonse. Alamu anali pa makina, atatipatsa msana. Amayi anandikodola kuti ndiwerame, n'kundinong'oneza.

"Mawa kucha ndi chinyezi. Ungomugunda kamodzi kokha. Ndikudziwa kuti ndi mchere."

 Makina aja anaima.

"Chipewa chimatsala pa geti," anatero alamu, osatembenuka.

Makina anayambanso. Amayi anandisiya dzanja. Ndinamwa tiyi wanga, ndinatsanzika, ndipo podutsa pansi pa chithunzi ndinafunsa funso lija chamumtima, manja ali m'thumba.